Timasamba ta Anti Made

Ndikakumbukira holide ya chilimwe ija, zimayamba kubwera ndi zala zanga zachikasu, zomwe sopo analephera kuziyeretsa. Ndinali ndi zaka khumi, titangofika kumene kunja, ku Kings Heath, kuchokera kwathu ku Mulanje. Mayi anga anali namwino, ndipo akapita kushifiti ankandisiya kwa aneba athu, banja lochokera ku Bali, ku Indonesia. Mayi wa m'nyumbamo ndinkawatchula Anti Made. Koma ndiye khitchini yawo inkanunkhira, abale! Ine mwana wozolowera tomato, anyezi ndi mchere basi, ndinkangoti kukamwa yasa kuona zinthu zoposa khumi zikulowa m'ndiwo imodzi.

Ntchito yanga inali kupera pamwala: adyo, tsabola, jinja, chikasu, ndi udzu wina wonunkhira ngati ndimu, mpaka zonse zisanduke phala lomwe ankalitcha base genep. Makina operera analipo, koma Anti Made ankati amapha fungo. Ndikati ndamaliza, ankangopisa chala m'phalamo, kupukusa mutu, ine n'kuyambiranso mkono ukuwawa. Loweruka tinkakwera basi kupita ku Sparkhill kukagula masamba a nthochi okulungiramo nsomba. Tsiku loyamba ndinaseka mpaka misozi: masamba omwe kwathu ku Mulanje mbuzi zimangodya, kuno ali m'firiji ya m'shopu! Anandilonjeza kuti sabata yomaliza ya holide adzandiphunzitsa kaphikidwe ka bakha wophika tsiku lonse, chakudya cha pazikondwerero zawo. Ndinkawerenga masiku ngati Khrisimasi.

Koma panali china chimene chinkandichititsa chidwi kuposa zonse. Mpunga ukapsa, munthu asanalawe, Anti Made ankadula timasamba ting'onoting'ono, kuikapo tinjere ta mpunga ndi kamchere, n'kukatiika pambali pa chitofu, pasinki ndi pakhomo. Nditafunsa, anangoti ndi kuthokoza. Ine ndinkayesa ndi mbali ya kaphikidwe, ngati kutsuka mpunga. Ndiye tsiku lina nditaphika kwathu ndekha kuti ndiwadabwitse mayi, ndinachita zonse mwandondomeko, osadumpha kanthu. Timasamba tiwiri kukhitchini, titatu pakhomo penipeni.

Mayi atabwera kuchokera kuntchito, n'kuona timasamba tija pakhomo, anaima pageti osasuntha. Mayi anga, a Mvano, omwe ankadziwa kuti kumudzi anasiya anthu ena osakondwa ndi ulendo wathu! Chikwama chinagwa pansi, iwo n'kuyamba kupemphera mokweza pamsewu pomwepo. Ndinali ndisanawaonepo akuopa chonchija.

"Ndani watilondola mpaka kuno?" anatero, akusaka nambala ya abusa pafoni.

Ndinadziwa pomwepo kuti ndikangoulula, kwa Anti Made ndatsanzikako. Bakha uja anali m'mutu mwanga. Koma nkhope yawo ija sindikanatha kuipirira.

"Ndine, Amayi. Ndi mmene amaphikira."

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anasesa timasamba tija okha, mpunga wanga sanaulawe. M'mawa mwake anapita kukathokoza Anti Made ndi ulemu wonse, n'kuwauza kuti kuyambira tsiku limenelo ndizikhala kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Anti Made anaima pakhomo atagwira kampeni kawo, osamvetsa chimene analakwa. Sanalakwe kanthu. Tinkangoimikirana manja pawindo mpaka titasamukira ku Wolverhampton.

Ndinawakwiyira mayi nthawi yaitali. Panopa ndakula, ndalawako kukhala mlendo m'dziko la eni uli ndi mwana mmodzi yekha, ndipo mkwiyo uja unatha, ngakhale chisoni chilipobe. Base genep ndimapera pamwala mpaka lero, anzanga amanyambita zala. Bakha uja ndayesapo kangapo, kutsatira zolembedwa ndi anthu ena, ndipo odya amayamikira. Koma sindingadziwe ngati ndimakhoza, chifukwa wa Anti Made sindinamulawepo.