Mchere umene ndinathira

Chitini cholavuliramo ndinkataya ndine. M'mawa uliwonse, chisanu cha mu Juni chikuluma zala, ndinkapita nacho kuseri kwa munda wa kachewere, magazi oundana ali bii pansi pake. Fungo lake linkandisanzitsa. Ndinkasanza, kupukuta pakamwa, n'kubwerera kukawasambitsa amuna anga.

Adokotala ku Lilongwe anali atanena mosabisa: khansa ya m'mapapo, yafalikira kale, pitani nawoni kunyumba. Pobwerera, a chipani anatiimitsa pa siteji ya basi kufuna makhadi a umembala, munthu akulephera n'kuima komwe.

Alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna angawo, anatulukira patatha miyezi itatu kuchokera kwawo ku Lobi, duku latsopano kumutu. Anaima pakhomo atatseka mphuno. Chitini sanachikhudze, koma matenda anawadziwa pomwepo.

"Uwu ndi mdulo," anatero. "Kutupa miyendo, kulavula magazi. Alamu, mwayenda ndi mwamuna wina n'kumawathirira mchere m'ndiwo. Mwawadula pachifuwa."

Ine kuyenda ndi mwamuna? Nthawi yake iti? Ndinkanunkha mkodzo ndi makhololo, ngakhale galu ankandilambalala. Ndinawauza kuti pakamwa pawo m'ponyansa kuposa chitinicho, ndipo sindinapepese mpaka lero.

Anandipatsa njira ziwiri. Ndivomere mlandu, ndithire mchere m'mankhwala amene anabwera nawo, ndiwamwetse ndi dzanja langa. Ndikakana, abwera ndi ngolo kudzatenga munthu wawo, poti kwathu kuno anali mkamwini chabe. Awatu ndi anthu osajomba ku Misa, korona ili m'khosi.

Masana ake amuna anga anandiitana. Mawu ankatuluka limodzilimodzi.

"Amayi, ingovomerani."

"Ndivomere chiyani, bambo?"

"Ndikudziwa kuti n'zabodza. Koma ngoloyo sindikafika nayo ku Lobi. Ndiponso, mwina mankhwalawo n'kugwira."

Mawu omalizawo anandinyansa kuposa zonse. Koma ndinayang'ana nthiti zija, zowerengeka pansi pa bulangete, n'kuganiza za miyala ya mumsewu wa ku Lobi. Ndinavomera.

M'mawa mwake ndinagwada pamaso pa alamu ndi amalume awo a amuna anga. Anandifunsa kuti mwamunayo ndani. Ndinati wina wake wa ku Mozambiki, wogulitsa makasu, wongodutsa. Ndinatsina mchere, kuthira m'kapu, n'kuwamwetsa amuna anga. Anameza kawiri, zonse n'kubwerera pachitenje changa. Alamu anatsanzika nkhope ili ngwee ngati akuchokera ku ukwati, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani yanga inali itafika kale pachitsime. Ngolo sinabwere.

Madzulo ndinalowa ndi beseni la madzi ofunda. Ndikuwavula malaya, amuna anga anandigwira pamkono.

"Wa makasuyo anadutsa liti?"

"Bambo, si mwandituma ndinu kuti ndiname?"

"Inde," anatero, n'kutsokomola nthawi yaitali. "Koma mwayankha msanga."

Anakhala ndi moyo masiku ena khumi ndi limodzi. Ndinawasambitsa tsiku lililonse, kuwatembenuza, kuwadontheza phala pakamwa ndi supuni. Ankayasama, kumeza, kuthokoza mwaulemu monga amachitira munthu kwa mlendo. Kumaso sanandiyang'anenso.