Chingwe Chachifupi Pakati pa Ine ndi Apongozi

Ndine mkamwini, ndipo ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a m'foni. Zinthu ziwirizi sizimvana. Kumudzi kwa mkazi wanga, kuseri kwa Nsaru, mkamwini amadziwika ndi mizere imene waunda ndi chigafa chimene wamanga. Ine ndinkadzuka n'kukhala pakhonde, laputopu pamwendo, anthu akudutsa ndi makasu. Moni ankandipatsa waulemu, koma dzina lakuseri ndinalimva: a pakhonde. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ambiri ankangodikira tsiku limene ndidzaterereke.

Amene ankandiikira kumbuyo anali apongozi anga aakazi, munthu amene sitinkayankhulana n'komwe. Kuno mkamwini ndi apongozi amathawana. Tikakumana panjira iwo ankapatuka n'kugwada atayang'ana kumbali, ine ndinkavula chipewa n'kumawerenga masamba a mitengo. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Mabanja ena anazisiya zimenezi, koma lathu ayi, ndipo kunena zoona zinkandikomera. Munthu amene sumuyang'ana sungakangane naye.

Ndinalemba pulogalamu yoti mlimi akajambula tsamba la chimanga, foni imuuze mokweza ngati ndi mbozi za ntchemberezandonda kapena ndi matenda, popanda kufuna netiweki. Mawu ake anali a mkazi wanga, ndinamujambula m'chipinda. Apongozi ndi mtsogoleri wa kalabu ya amayi olima, ndiye atamva anati iikidwe m'foni mwawo. Asanaiyese n'komwe, anakalengeza kwa anzawo kuti pa tsiku lachionetsero m'munda mwawo, aliyense adzaona chimene mkamwini wawo amachita pakhonde paja.

Posakhalitsa mkazi wanga anabwera ndi uthenga.

"Amayi akuti chinthu chanu chikumangozungulira osayankha. Dzulo anafuna kuonetsa amayi awiri, mpaka amayiwo anatopa n'kumapita akuseka."

Anandibweretsera foniyo madzulo. Ndinajambula tsamba, yankho linabwera nthawi yomweyo. Ndinajambulanso, chimodzimodzi. Ndinaibweza ndili ndi kamtima koti mwina apongozi sadziwa kudina. Mawa lake uthenga unabweranso womwewo. M'manja mwanga pulogalamu inkathamanga, m'manja mwawo kumunda inkazungulira, ndipo amene ankasekedwa anali iwo, osati ine.

Ife olemba mapulogalamu tili ndi chida chotchedwa pulofaila. Umalumikiza foni ku laputopu, munthu akamagwiritsa ntchito pulogalamu, chidacho chimakuonetsa ndi mizere yamitundu pamene nthawi ikuthera. Changa ndinagula kwa kampani ina yakunja, ndipo ndikaikumbukira mpaka lero mutu umawawa. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuyeza foni ya apongozi iwo ali kumunda, ine ndili patali. Chidacho chinandiuza kuti kuyeza popanda chingwe ndi kwa makasitomala akuluakulu. Ndinati chabwino, mkazi wanga akayeze, asunge zotsatira, ndidzaone kunyumba. Kusunga nakonso kunali kwa akuluakulu. Ndinaluma mano n'kuganiza zokhala wamkulu nanenso, koma pa malo osankha dziko polipira panalibe Malawi.

Ndinawalembera imelo. Anandiyankha kuti amandiyamikira kwambiri ndipo ndizimitse laputopu n'kuyatsanso. Ndinalembanso, wina wa dzina lina anandiyamikira ndi mawu omwewo. Ndinafotokoza zonse, ngakhale za upongozi, ndikudziwa kuti ndikuthira madzi pa msana wa bakha. Anatseka nkhaniyo n'kundipempha kuti ndiwauze ngati ndakhutira.

Ndinakwera kabaza kukagula chingwe chachitali ku Msundwe, choti apongozi akhale uko ine kuno. Wogulitsa analumbira kuti n'chenicheni. Kufika kunyumba, chinkangotchaja basi, uthenga osadutsa. Chimene chinkagwira ntchito chinali chingwe changa chakale, kutalika kwake kuchokera pa chigongono kufika pa chala.

Mkazi wanga ndi mphunzitsi, kompyuta amaidziwa, ndiye ndinamupempha kuti akangoyang'ana n'kudzandiuza. Atayang'ana mizere ija anaseka.

"Ine ndikuona ngati chitenje. Komanso chinthuchi chimavuta dzuwa likakwera, ine ndimakhala ndili m'kalasi. Mupite nokha, bambo. Amayi sakuluma."

Apongozi anavomera. Uthenga wawo unali wachidule: abwere, iwo ayang'ane uko, ine ndiyang'ana kuno.

Ndinapita dzuwa lili paliwombo. M'mawa uliwonse ndikakhala pakhonde ndinkamva nyimbo za kwaya zikuchokera kumundako, zikumveka chapansipansi, ndipo ndinkayesa kuti ali ndi kawailesi. Tsikulo ndinatsata nyimbozo m'chimanga, ndikutsokomola monga amachitira mkamwini, n'kunena kuti odi. Apongozi anaika khasu pansi n'kugwada. Ndinayang'ana kumwamba. Kenako nyimbo ija inakwera mwadzidzidzi, ndipo maso anga opusawa anatembenuka okha. Ndinaona dzanja lawo likutuluka m'bulauzi, pachifuwa, litagwira foni.

Anaiika pamzere n'kusendera kumbuyo. Ndinaitola. Inali yotentha ngati mbatata yootcha, yonyowa ndi thukuta. Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinalumikiza chingwe n'kuiikanso pamzere kuti aitenge.

Tinakhala pamzere mofulatirana, iwo foni m'manja, ine laputopu pamwendo, kachingwe katakungika pakati pathu. Ndinkamva kupuma kwawo. Ndinadina kuti kuyeza kuyambe, chida chija n'kulemba kuti chikufuna kaye kutsimikiza ngati ndine mwini wake, ndipo sichikupeza netiweki.

M'munda monsemo netiweki imapezeka pachulu pokha. Kuzula chingwe kukanatanthauza kuyambiranso zonse, foni n'kuzizira maganizo anga asanatsimikizike. Ndinayankhula ndi chimanga, poti iwo sindikanayankhula nawo.

"Kodi tingasendere pachulu paja?"

Nawonso anayankha chimanga. "Atsogole."

Tinayenda chammbali, ine kutsogolo, iwo kumbuyo, aliyense khosi atalipotolera kwake, titamangidwa chingwe chimodzi ngati mbuzi zopita kumsika. Chulucho chili m'mbali mwa njira ya kuchigayo. Amayi ena anadutsa atasenza matumba. Anaima, anapereka moni motalikitsa dala, wina n'kufunsa kuti, "Zayamba liti zimenezi, eti?" Apongozi anayankha moni bwinobwino, mawu osagwedera. Ine ndinaika mphuno pa laputopu. Munthu amene anandipangira chida chimenechi, kulikonse kumene ali, ndinamutukwana mumtima mpaka agogo ake.

Chida chitakhutira kuti ndine ine, apongozi anajambula tsamba. Pulogalamu inayamba kuzungulira, ndipo mizere inandionetsa zonse. Foni yotsika mtengo ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Yawoyi inkakhala m'mawa wonse pansi pa nsalu, padzuwa, ikuimba kwaya. Pulogalamu yanga inali yolemera, inkatafuna chithunzi chachikulu chonse, ntchito imene foni yozizira ya pakhonde inkaitha koma yotenthayi ayi. Ikamafika kwa ine madzulo inkakhala itazizira kale. Chifukwa cha chisangalalo chopeza vuto, ndinaiwala pamene ndinali n'kunena mokweza.

"Ndi kutentha! Imatentha kumene imakhalako."

Mawuwo atatuluka ndinamva kulemera kwake. Apongozi anazula chingwe pang'onopang'ono, anachiika pa udzu, n'kutsika chulu.

M'mawa mwake ndinakhala pakhonde, ndipo china chake chinkasowa. Kumunda kunali zii. Madzulo mkazi wanga anandiuza kuti amayi ake asiya foni m'dengu pansi pa mtengo, ataizimitsa ndi kuikulunga m'masamba a nthochi, kuti chinthu cha mkamwini chisavutike. Anali atayambanso kuuza amayi a kalabu kuti azitero. Munthu amene ankalima ndi nyimbo zake zaka zonsezi tsopano ankalima chete, kuti ntchito yanga yolemera ioneke yabwino pamaso pa anthu. Manyazi a pachulu aja anali a nkhope chabe. Awa anali a mumtima.

Ndinaigwetsa pulogalamu ija n'kuimanganso yopepuka, yochepetsa chithunzi isanachiyang'ane. Poyesa sindinakhalenso pakhonde. Ndinabwereka foni ya mtundu womwewo, ndinkaiyanika pa malata a khitchini ikuimba, ikatentha ndinkaiika m'khwapa n'kuthamangira nayo ku chimanga cha kuseri kwa nyumba. Anthu odutsa anapeza chinanso chosekera. M'masiku omwewo kampani ija inayankha imelo yanga yomaliza. Inati ndilangize wogwiritsa ntchitoyo kuti azisunga foni pamalo ozizira, opita mphepo.

Pulogalamu inachira, koma panatsala vuto limene pulofaila sakanaliyeza. Ndikanawauza bwanji apongozi kuti foni ibwerere kwawo? Ndinapempha mkazi wanga.

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti amuna anga akuti mubwezere pamene paja? Inu, musandichititse manyazi."

Ndinaganiza tsiku lonse. Pomaliza ndinati akangonena kuti a pakhonde akuti nyimbo zija azisowa. Anapita, anabwera, ndipo anati amayi anangopitiriza kusenda mtedza. Mawa lake kumunda kunali chete, mkuja lakenso chete. Sindinadziwe ngati amva kapena ndawonjezera chipongwe.

Tsiku lachionetsero amayi anadzaza m'munda, ndi alangizi a zaulimi omwe. Ine ndinaima patali pansi pa mtengo wa mango, nditafulatira, monga ayenera mkamwini. Dzuwa linali litakwera kale. Panali phokoso la moni ndi kuseka, ndipo pansi pa phokosolo ndinamva kwaya, chapansipansi, ngati ikuimbira m'nsalu. Apongozi sanaiziziritse foni. Anabwera nayo monga amakhalira nayo masiku onse, pamaso pa anthu omwe anawaseka aja, akudalira mawu a munthu amene sanamuyang'anepo kumaso.

Nyimbo inakwera mwadzidzidzi, kenako inaduka. Ndinagwira khungwa la mango. Ndiye ndinamva mawu a mkazi wanga akuchokera m'foni, akunena kuti izi ndi mbozi, yang'anani pamtima pa chimanga. Wina anaimba nthungululu. Pambuyo pake ndinamva apongozi, mokweza kuposa mmene ndinawamverapo.

"Ndi a pakhonde aja amenewa."

Sindinacheuke. Timathawanabe panjira mpaka lero, ndipo sindinaonepo pulogalamu yanga ikugwira ntchito m'manja mwawo. Koma m'mawa uliwonse ndisanatsegule laputopu, ndimayamba ndatchera khutu kumunda, kumva ngati kwaya ikuimba.