Mchenga Umene Unapezeka M'kati mwa Njinga Yanga

Makolo anga onse awiri anamwalira ndisanafike sitandade 5, ndipo onse anadwala mobisa. Bambo ankati ndi chimfine chabe. Mayi ankati ndi kutopa kwa kumunda. Pamene zoona zinkadziwika n'kuti munthu atagona kale, osathanso kudzuka yekha. Ndinatsala m'manja mwa agogo, amene anabereka mayi anga, m'mudzi wathu wa m'munsi mwa phiri, mbali ya Phalombe. Ndinakula wosayankhulayankhula, koma maso anga sankachoka pa iwo. Ndinkaona ngati asiya chakudya m'mbale, ndinkamvetsera chifuwa chawo m'mamawa, ndinkayang'ana mmene akudzukira pamkeka. Ndinatsala ndi iwo okha, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti amenewa sadzandidwalira mobisa.

Iwo zimenezi sizinkawasangalatsa.

"Mkazi mnzanga, maso amenewo bwanji? Ukufuna undilande chiyani?"

Ankanditchula choncho ngakhale kuti agogo aamuna anamwalira ine ndisanabadwe, moti mwamuna woti tizilimbirana panalibe.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, chaka chimene nandolo anabereka bwino, ndinagula njinga. Sinali ngati zakuda zija zonyamulira makala. Inali ya magiya, yamatayala onenepa, imene anyamata amati mautenibaiki, yobwera itagwirapo kale ntchito kunja. Ndinkafuna njinga yoti tsiku limene agogo adzadwale ndidzawanyamule popanda kupempha munthu, ndipo isadzandifere panjira. Wogulitsayo nditamuuza zimenezi anagwada n'kugogoda pansi pa fulemu, pamene pamadutsa ekiselo ya mapedulo.

"Apa, chemwali, musadzapagwire. Mabering'i ake ndi omata, anatsekera ku fakitale komweko. Safuna girizi, fumbi silimalowa. Mudzakwatiwa, mudzabereka, mwana wanu adzapalasa, apa padakali zii."

Ndinaikitsa kaliyala wolimba n'kupita nayo kunyumba. Ndinkainyamulira tomato ndi nandolo kupita kumsika, podzera msewu waukulu umene uli ndi mlatho. Inkagona m'nyumba. Lachiwiri lililonse ndinkakwera phiri ndi amayi anzanga kukatola nkhuni, kuchoka dzuwa lisanatenthe n'kubwerako litapendeka, ndipo njinga inkatsala itatsamira khoma. Agogo sankadziwa kupalasa. Ankati chishalo chake ndi chopyapyala ngati lilime la galu.

Itangokwana miyezi isanu ndi iwiri, inayamba kulira. Poyamba kanali kaphokoso kakang'ono ndikamakwera chitunda. Kenako ndikapalasa ndinkamva m'mapazi ngati ndikupera mchere, ndipo mapedulo anayamba kugwedera uku ndi uku. Tsiku la msika ndinapita nayo kwa amakaniko a pansi pa mtengo wa mango, bambo achisilamu aimvi m'ndevu, amene akhala akukonza njinga pamenepo chiyambire ubwana wanga.

Anaigadabuza, nachotsa mapedulo, n'kutenga kasipanala ka mano kamene ankakasunga m'thumba la malaya. Analimbana nazo kwa nthawi. Atangosolola chitsulo chonsecho, m'bowo la fulemu munatuluka madzi ofiirira, n'kuyenderera pa nsapato zawo. Anatenga msomali n'kukanganula kachivindikiro ka mabering'i. M'katimo munali dzimbiri lokhalokha. Timipira tachitsulo tina tinali titadyeka, tina titaphwanyika. Anagugudira pachikhatho n'kufikisa ndi chala, ndipo panatsala mchenga woyera wonyezimira.

"Mwanangu, njinga imeneyi imasambira kangati pa sabata?"

"Sinalowepo m'madzi."

"Imagona kuti?"

"M'nyumba."

"Mvula sibwera ndi mchenga. Uwu ndi wa mumtsinje." Ananditambasulira chikhatho kuti ndione. "Omatawa amapirira fumbi, amapirira matope, zaka zingapo osadandaula. Koma ukawamiza, madzi amalowa ndipo potulukira alibe. Komanso apa sikumiza kamodzi. Njinga iyi imaima m'madzi, imachedwamo."

Wakabaza wina amene ankadikira kuti amumatire chubu analowererapo.

"Ndiye kuti alamu athu ndi akutsidya. Chemwali, amabwera tsiku lanji kudzaibwereka? Muwauze azivula nsapato zokha, njinga aziisenza."

Anthu anaseka. Amakaniko anandiyang'ana kamodzi n'kusiya nkhaniyo. Anati omata atsopano ndi osowa kuno, ndipo anandiikira akale aja a makapu ndi timipira tothira ndi manja, oti akalira umatsegula, kutsuka ndi parafini n'kupaka girizi.

Ndinabwerera ndikukankha njinga ngakhale inali itachira. Mtsinje umene uli ndi mchenga woyera chonchija ndi umodzi, wotsika kuphiri, umene umadutsa kumunsi kwa mudzi wathu. Pamalo amene anthu amawolokera palibe mlatho. Kutsidya kwake kuli chigayo, ndipo ukapitirira pang'ono kuli chipatala chaching'ono. Tsiku limene njinga inkachoka m'maso mwanga linali limodzi lokha pa sabata. Ndinakumbukira kuti Lachiwiri lililonse ndinkaipeza yopukutidwa bwino, ndi masipoko omwe, ndipo ndinkati agogo akungondikonda. Ndinakumbukiranso chitenje chawo chobiriwira chili pachingwe Lachiwiri lililonse madzulo, chonyowa kumunsi kokha.

Kunyumba sindinafunse kanthu. Ndinawayang'ana masiku anayi. Ankasesa, ankapala moto, ankakalipira mbuzi za oyandikana nawo. Palibe chimene ndinaona.

Lachiwiri ndinatenga chikwanje ndi chingwe, ndinatsanzika, n'kunyamuka ndi anzanga. Titafika pa mitengo ya bulugamu ndinati m'mimba mwandipotokola, ndibwerera. Ndinazungulira m'munda wa chinangwa n'kukhala kuseri kwa chulu, pamene khomo lathu limaoneka bwino.

Sipanapite nthawi. Agogo anatuluka, anayang'ana kuphiri, nalowanso. Kenako anatuluka ndi njinga yanga, thumba litamangidwa pakaliyala. Anatseka chitseko. Atangogwira mahandulo, thupi lawo lonse linagwera panjingapo ngati chovala chimene wachikoleka pamsomali. Munthu amene m'mamawa womwewo anandipatsa phala ataima chilili tsopano ankakoka mwendo, kuyenda masitepe khumi n'kuima, dzanja limodzi litagwira pansi pa mchombo. Ndinadziluma chala kuti ndisatulutse mawu.

Ndinawatsatira chapatali. Panjira anakumana ndi mayi wina wa m'mudzi mwathu atasenza ndowa. Ndinaona msana wa agogo ukuwongoka.

"Kuchigayo, agogo?"

"Kuchigayo, mwanangu. Mkazi mnzanga uja amadya ngati ali ndi alendo m'mimba."

Mayiyo anaseka n'kupitirira, ndipo msana uja unapindikanso.

Pamtsinje anakwinya chitenje mpaka m'mawondo n'kutsetsereka ndi njinga. Madzi anakwirira mapedulo. Anayenda pang'onopang'ono, njinga ili kumtunda kwa madzi, iwo ataitsamira. Atafika pakati anaima. Anatsamiritsa chipumi pachishalo n'kukhala chomwecho, osasuntha. Madzi ankazungulira pa fulemu, pamalo omwe aja wogulitsa anagogoda. Ndinadikira kuti ayambenso kuyenda. Mbalame inatera pamwala, inamwa madzi, inauluka, iwo adakali pomwepo.

Ndinalowa m'madzi ndi nsapato zomwe. Atamva kukhuvula anatukula mutu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana pamutu panga.

"Nkhuni zili kuti?"

Ndinagwira njinga ndi dzanja limodzi, lina ndinawakolekera m'chiuno. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti pansi pa zitenje ziwiri ndi juzi ija panatsala mafupa okhaokha. Ndinkagona nawo chipinda chimodzi, ndinkadya nawo mbale imodzi, koma ndinali ndisanawagwire thupi kwa chaka kapena kuposa.

Titawoloka ndinawakhazika pamchenga n'kumasula thumba lija. Munali makoko a nandolo. Pakati pake panali jumbo ya shuga, ndipo m'jumbomo munali buku la kuchipatala limene ndinali ndisanalionepo. Langa ndi lawo lakale ndinkasunga ndine, m'chikwama cha pansi pa bedi. Ili linali lina.

Ndinatsegula. Tsamba loyamba linalembedwa mvula ya chaka chatha isanayambe, njinga ndisanaigule n'komwe. Masamba otsatira anali ofanana: mankhwala opha ululu, mankhwala owonjezera magazi, ndi mzere umodzi wobwerezabwereza wonena kuti wodwala akukana kupita kumene anatumizidwa. Kumapeto kunali kalata yopindidwa panayi, yoyamba kung'ambika m'mapindo. Chingerezi changa ndi cha fomu 2, koma mawu akuti khansa safuna womasulira. Inali ya khomo la chiberekero. Kalatayo inkawatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre.

Funso limene linatuluka linali lopusa.

"Bwanji osatenga ndodo?"

"Ndodo imayankhula. Nkhalamba ikagwira ndodo mudzi wonse umafunsa kuti mwatani, ndipo dzuwa lisanalowe iwe wamva. Njinga ndi thumba palibe amene amafunsa." Anapuma kaye. "Komanso pakati pa madzi paja ndodo imaterereka. Iyi imaima. Unagula yabwino."

"Mwaiwononga."

"Ndinkaipukuta."

"Agogo, chaka chonse?"

Anatola kamwala n'kukaponya m'madzi.

"Anati ku Blantyre ndipite ndi wondidikirira. Wondidikirira ndani? Ndiwe. Unagona pansi pa bedi la mayi ako uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, ukutaya mabeseni, ine ndili kuno ndi maliro a mwana wanga wina. Unabwerako osayankhula miyezi itatu. Ndinkakuika chakudya m'kamwa ngati mwanapiye. Ndiye ndikutengenso ukagone pasimenti ngati nthawi ija? Ine ndadya zaka zanga."

Ndinkafuna kukuwa, koma sindinaphunzirepo kukuwa. Ndinakhuthula makoko aja pansi, ndinapinda thumba n'kuliyala pakaliyala.

"Kwerani."

"Undigwetsa."

"Kwerani, agogo."

Anandiyang'ana ngati akuona mlendo. Kenako anagwira phewa langa n'kukhala chammbali, miyendo yonse mbali imodzi. Sindinamve kulemera kulikonse kumbuyo kwanga, moti kawiri konse ndinacheuka kuti ndione ngati alipo.

Kuchipatala tinakhala pabenchi mpaka dzina lawo litaitanidwa. Ndinalowa nawo. Namwino, mayi wojintcha wa magalasi, anatukula maso n'kuyang'ana ine, kenako agogo.

"Lero mwabwera ndi ndani, agogo?"

"Ndine mdzukulu wawo," ndinatero.

"Mwabwera liti kuchokera ku Joni?"

Sindinamvetse. Namwinoyo anavula magalasi.

"Anatiuza kuti ali ndi mdzukulu mmodzi yekha, ali ku Joni, ndipo foni yake sigwira. Takhala tikuwapempha kuti atipatse munthu wina aliyense wa m'mudzi, amati onse ndi afiti."

"Ndimakhala nawo nyumba imodzi. Sindinafikepo ngakhale ku Blantyre."

Agogo ankayang'ana kalendala ya pakhoma ngati akudziwa kuwerenga.

"Ena ndi afiti ndithu," anatero pomaliza.

Namwino sanaseke. Anawagoneka pabedi, anakoka nsalu, ndipo atamaliza ananditengera pakhonde. Anandiuza mosabisa. Anati pamene anaiona koyamba inali yoti madokotala akanatha kuchitapo zambiri. Tsopano sakudziwa, ndipo sangandilonjeze. Anati galimoto ya chipatala imapita Lachinayi m'mamawa, ndipo ndibwere ndi zofunda, ndowa, kapoto ndi ufa wa milungu ingapo. Ndinkangogwedeza mutu. Anandifunsa ngati ndamva, ndipo ndinabwereza zonse chimodzichimodzi, mawu anga akumveka ngati a munthu wina.

Pobwerera agogo anakana, kuyambira pachipata cha chipatala mpaka pamtsinje. Anati nkhuku zidzatha ndi akabawi. Anati nandolo wa m'munda adzaphulika yekha. Anati ku Blantyre anthu amapita ndi miyendo n'kubwerako m'bokosi. Pamtsinje ndinatsamiritsa njinga pamtengo, ndinawabereka kumsana n'kuwaolotsa, kenako ndinabwerera kukaitenga paphewa. Atakhala pamwala kundidikira anasiya kukana. Anangofunsa ngati kumeneko amalola fodya wa mphuno.

Tinapita Lachinayi. Tinakhalako milungu isanu ndi umodzi. Madokotala anati yafalikira, ndipo chimene akanatha ndi kuletsa magazi ndi kuchepetsa ululu. Anachita zimenezo. Tinabwerera ndi botolo la mankhwala akumwa, ndipo agogo anakhala nane mpaka chimanga cha chaka chotsatira chitalowa m'nkhokwe. Miyezi yomalizayo ndinkawasambitsa ndine, ndipo pakawawa ankandiuza pamene pakuwawa.