Ndinalamulira Amasai Ndili pa Sofa ku Perth

Mayi wina wamasiye analandidwa ng'ombe zake chifukwa cha kalata imene ndinalemba ine, munthu amene sanakamepo ngakhale mbuzi. Palibe chinthu chimandinyansa pa moyo wanga kuposa chimenechi. Inu owerenga, makamaka inu amene mukangokwera ndege mumasanduka akatswiri a Africa yense, mundimvere bwino.

Ndimakhala ku Canning Vale mumzinda wa Perth ku Australia, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kutatsala pang'ono kuti mliri wa korona uyambe, amayi ena achizungu a kutchalitchi kwathu anandikokera m'kabungwe kawo. Kabungweko kankathandiza amayi a Chimasai a kumpoto kwa Tanzania kuti asamalandidwe ziweto amuna awo akamwalira. Azungu aja anali okoma mtima ndithu, koma za Amasai ankangodziwa mikanda imene ankadzikoleka pa misonkhano. Wapampando wawo atapuma, anasankha ine. Zifukwa zake zinali ziwiri: ndine wakuda, komanso ndimaphwanya Chiswahili cha pamsika chimene ndinatola kale ndikukaoda zitenje ku Kyela. M'malo mochita manyazi, ine ndinakasoketsa diresi yatsopano.

Ntchito yeniyeni ankagwira ndi Mayi Naisula, mzimayi wachikulire wa komweko amene sanaponde m'kalasi, koma akalankhula akuluakulu a m'mudzi ankatchera khutu. Nthawi imeneyo anali pa mlandu wa Nasieku, mayi wa ana anayi amene mwamuna wake anali atangomwalira. Kwa Amasai, mkazi akakwatiwa amapatsidwa ng'ombe zoti azikama ndi kusungira ana ake. Alamu ake a Nasieku ankafuna kutenga ng'ombe zimenezo. Mayi Naisula ankayendera akuluakulu oweruza mmodzimmodzi, kukhala nawo pansi, kumwa nawo tiyi, kuwafewetsa mitima tsiku la mlandu lisanafike. Ine zimenezo ndinkaziona ngati kungoyenda miseche.

Malire a mayiko atatsekedwa chifukwa cha mliri uja, panalibenso wopita kukaona ntchito. Ndinalamula kuti mwezi uliwonse tizikumana pa foni ya vidiyo, ndipo nthawi ndinasankha ndekha: 11 koloko m'mawa, kuti ndizimaliza, kudya, n'kuthamangira shifiti yanga ya masana. Foni inandiuza kuti ku Tanzania imakhala 6 koloko m'mawa. Ndinati zili bwino, anthu akumudzi amalawirira. Sindinafunse munthu aliyense, ndipo paja amati safunsa anadya phula.

Msonkhano woyamba Mayi Naisula sanaoneke. Wachiwiri analowa tikutseka ndi pemphero, akupuma wefuwefu, mawu akudukaduka. Ndinalemba m'kaundula kuti sanapezeke. Madzulo ake ananditumizira uthenga wa mawu kuti, "Mama, nthawi imeneyo ng'ombe sizindilola." Ndinautsegula pamaso pa komiti n'kunena kuti tsopano ng'ombe nazo zalowa m'bungwe. Azungu aja anaseka mwaulemu, kenako onse anandiyang'ana, poti ine ndiye ndinali wodziwa chikhalidwe. Msonkhano wachitatu sanabwerenso. Malamulo athu ankati wojomba katatu achotsedwe, ndiye ndinalemba kalata yachingerezi chokoma, ndili pa sofa, kapu ya khofi pambali.

M'malo mwawo ndinaika bambo wina wa m'tauni ya Arusha amene anatipeza yekha pa intaneti. Anali ndi jekete, laputopu ndi mano oyera. Sanajombepo msonkhano, ndipo mawu aliwonse ankayamba ndi kunditcha wapampando wolemekezeka. Ine ndinkangosungunuka ngati majarini padzuwa. Pofuna kuonetsa kuti tsopano bwana ndi iye, bamboyo anapita kumudzi kuja n'kukawerenga kalata yanga pagulu, akumasulira mawu ndi mawu. Atabwerera ku tauni ananditumizira malipoti okongola, odzaza zithunzi za amayi akumwetulira. Za mlandu wa Nasieku ankangolemba kuti zikuyenda. Ine sindinafunse kuti zikuyenda kulowera kuti.

Patapita miyezi, tinakonza phwando la bungwe ndipo tinkafuna vidiyo ya amayi aja akuvina. Bambo uja analephera kuwasonkhanitsa, moti ndinaimbira Mayi Naisula, mopanda ngakhale manyazi. Anandilonjera mwaulemu, anafunsa za ana anga, kenako anati, "Mama, inu mumakama nthawi yanji?" Ndinaseka n'kunena kuti kuno mkaka timagula m'sitolo. Anati, "Ndinadziwa."

Kenako anandifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa mwana. Kwawo ng'ombe zimakamidwa m'bandakucha zisanapite kubusa, ndipo kukama ndi ntchito ya mkazi. Akapanda kukama, ziweto zimapita ndipo ana amaswera ndi njala. Foni imagwira pa kaphiri kamodzi kokha, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Tsiku limene analowa akupuma wefuwefu lija, anali atakama mothamanga n'kukwera phiri lonselo, mayi wa zidzukulu, kuti akamve ine ndikunena ameni.

Ndinafunsa za Nasieku. Anati tsiku la mlandu iwo ataimirira kuti amulankhulire, mlamu wamkulu wa Nasieku anangofunsa funso limodzi: mayiyu akulankhula m'dzina la ndani, poti ngakhale anthu ake a kutsidya la nyanja anamutaya pagulu? Akuluakulu onse amene anawayendera aja anaweramitsa mitu. Bambo wa jekete anali ku tauni tsiku limenelo, pa msonkhano ndi ine. Ng'ombe zinagawidwa, ndipo Nasieku anabwerera kwa mchimwene wake ndi ana anayi ndi ng'ombe imodzi yokalamba imene inasiya kale kutulutsa mkaka.

Ndinapempha kuti abwerere pa udindo. Anakana. Anati amayi akupitiriza kukumana okha pansi pa mtengo, ng'ombe zikapita kubusa, ndipo safuna kalata ya munthu.

Ndinatula pansi udindo sabata yomweyo. Ndinauza komiti zonse, osabisa kanthu. Mukudziwa chimene anachita? Anandigulira keke ndi khadi londithokoza chifukwa cha utsogoleri wanga wanzeru, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ndikudziwa munthu wina wa ku Africa woti alowe m'malo mwanga. Ndinawanyoza mumtima, koma iwo sanadzitchepo odziwa. Wodziwa ndinali ine.

Inu owerenga, khungu si sukulu. Kubadwira ku Kasungu sikukupangani kukhala Mmasai, ndipo pasipoti yokhala ndi zidindo siiwonjezera nzeru. Akakupatsani mpando wolamulira anthu amene simunagonepo m'nyumba zawo, yambani mwafunsa kuti pa ola limene mukuwaitanalo manja awo amakhala akugwira chiyani. Amene sakubwera ku misonkhano yanu mwina ndi amene akugwira ntchito imene inu mukuikambirana. Ndipo musanalembe kalata yochotsa munthu, ganizirani amene watsamira pa munthuyo, chifukwa akagwa sagwa yekha.

Ana a Nasieku sadziwa dzina langa, ndipo sadzandionapo. Koma m'mawa uliwonse amamwa tiyi wopanda mkaka chifukwa ine ndinkafuna kudya nkhomaliro ndisanapite kuntchito.