Magulu atatu a Asiyatu

Salaam aleikum nonse.

Ndangochoka kumene kusukulu ya Asiyatu, mwana wa achemwali a ku Chikweo. Aphunzitsi ake a bayoloje anandiimbira m'mawa kuti ndifikeko.

Akuti akuphunzira magulu atatu akuluakulu a zamoyo: mabakiteriya, tina tofanana nawo totchedwa akeya, ndi gulu lomwe muli zomera, nyama, bowa ndi ife anthu. Ana anauzidwa kuti abweretse zamoyo za kwawo, aziike m'magulu.

Asiyatu anabweretsa chitedze, ziwala, mango osakhwima ndi bowa. Anaziika patatu ndithu, koma mwa njira yake: zongootcha n'kudya, zowiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi, ndi zimene zinadwalitsa mchimwene wake wamng'ono, Yusufu. Anzake anaseka. Aphunzitsi sanaseke.

Atamuitanira pambali, Asiyatu anati, "Za m'buku ndikuzidziwa, aphunzitsi, zonsezi ndi gulu limodzi. Kungoti ndimamva chizungulire, ndiye ndinangoika mmene timaikira kunyumba."

Ine nditafika, ndinamufunsa kuti ufa unatha liti kunyumba. Iye anati, "Amayi anati tisakuuzeni, amalume. Akuti inunso muli ndi ana."

Ndamusiyira kathumba ka ufa koti apite nako kwawo, koma sikafika patali. Ndikuganiza zomutenga azikakhala nane ku Balaka mpaka tikolole, chifukwa mwanayu ali ndi mutu. Koma ndi yemweyo amene amapita ndi amayi ake kutchire kukafuna zakudyazo.

Achemwali sali pagulu pano. Abale, ndimutenge, kapena tizisonkha chimanga n'kumatumiza komweko? Ndiyankheni lero, mawa ndikalankhule nawo.