Duku langa linapita m'manda ndi achemwali

Manja angawa agwira zinthu ziwiri pa moyo wanga: tiyi ndi anthu akufa. Tiyi ndinayamba kuthyola ndili namwali, dengu kumsana, masamba awiri ndi kansonga, mpaka zala zinada bii n'kung'ambika ngati nthaka ya m'chilimwe. Za akufazo ndinaziyamba nditalowa m'gulu la amayi a kumpingo kwathu. Akamwalira mayi mnzathu pa malaini a esiteti, kapena m'midzi ya kuseri kwa fakitale, uthenga unkandipeza m'munda momwemo. Kapitawo ankangoti, "Tulani dengu, amayi, akukuitanani anzanu osayankhula aja." Ndinkatula, n'kukavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, n'kupita kukasambitsa maliro.

Sindinkalandira kanthu. Malipiro ake ndinkawadziwa mumtima: tsiku langa likadzakwana, amayi omwewo adzabwera ndi beseni, adzandisambitsa, adzandiveka yunifolomu yanga, adzatsogolera bokosi akuyimba mpaka kumanda. Paja maliro n'kulirana. Ine ndinabereka ana anayi. Atatu ndinawaika ndekha, wotsalayo anapita ku Joni n'kungoti zii. Ndiye wondisambitsa wina ndani, kupatula mpingo?

Achemwali anga, obadwa nawo mimba imodzi, sanapondeko m'tchalitchi. Ankatcheza kachasu kuseri kwa mabulugamu, ndipo amuna a pa esiteti akaweruka ankatsetserekera komweko. Pakamwa pawo panalibe chitseko. Akandiona nditavala zoyera ankakuwa, "Taonani kakowa wa Mulungu akudutsa! Ukandipemphererekotu, iwe, koma mbiya zanga usazitchule." Komatu ndi iwowo amene anandilera amayi athu atatisiya. Ndi iwo anandiphunzitsa kuthyola tiyi osaswa nthambi, akunditukwana m'Chilomwe uku akundiponyera masamba awo m'dengu langa kuti ndisachite manyazi pa sikelo.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, tsiku la mapemphero a amayi, kunja kukuwaza chiperoni. Ndinali kale panjira ya kutchalitchi nditavala yunifolomu, pamene mayi woyandikana nawo nyumba anandithamangira: "Achemwali anu agwa, sakupuma!" Ndinawapeza atawagoneka pamphasa, kukamwa yasaa, ntchentche zitayamba kale kuzungulira. Amene munagwirapo maliro mukudziwa: chibwano amamanga thupi lisanaume. Ukachedwa, munthu amapita choncho, ngati akukuwa. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uku. Chitenje chawo chinali chonyowa ndi matope ndi masese. Pachingwe panali zisanza zosefera mowa. Basi, dzanja linangopita lokha kumutu kwanga. Ndinavula duku, ndinalidutsitsa pansi pa chibwano, n'kumanga mfundo paliwombo. Nkhope ija inakhala phee. Anafanana ndi amayi athu.

Amayi a kumpingo atamva, anachoka kumapemphero n'kubwera kudzandipepesa. Kuyimba sakanayimba, poti malemuwo sanali a mpingo, zimenezo ndinkazidziwa. Analowa m'nyumba ya siwa, anandipeza mutu uli pamtunda, imvi mbee, duku langa lili pankhope ya wotcheza kachasu. Mtsogoleri wathu, mkazi wa kalaliki wa kufakitale, amene tinavekedwa naye yunifolomu tsiku limodzi, anaima pakhomo ndwii.

"Anzanga, mwachita chiyani?"

"Ndamanga chibwano, amayi."

"Ndi duku lopemphereredwa? Pa munthu wa mbiya?"

"Nanga ndikanamanga ndi chiyani? Ndi tsamba la tiyi?"

"Masulani msanga."

"Chomangira maliro sachimasula. Inunso mukudziwa."

Anatuluka mmodzimmodzi, osakhala ndi pansi pomwe. Mawa lake bokosi linanyamulidwa ndi zidakwa za pa esiteti, zili duu, zipewa m'manja. Duku langa linalowa m'manda.

Akuluakulu a mpingo anandiitana n'kundidula. Yunifolomu osavala, mgonero osadya, maliro a mpingo osagwira, ndipo pokhala panga pakhale benchi ya kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene lata limadontha. Zimenezo ndikanazipirira. Koma pakamwa pa anthu, inu! Poyamba ankaseka kuti ndinkafuna kuzembetsa achemwali anga kumwamba ngati katundu wa pamalire. Kenako nkhani inamera mano. Akuti zaka zonse zija madzi osambitsira maliro sindinkataya, ndinkasunga m'botolo. Akuti ana anga atatu aja afunseni mayi wawo kumene anapita. Pamjigo ndikafika, ndowa zinkasunthira uko. Lamlungu lina popatsana moni wa mtendere, mayi wina amene ndinamusambitsira mwana wake wamkazi anandigwira nsonga za zala, kenako n'kupukuta dzanja pachitenje ine ndikuona.

Akanakhala akunja sizikanawawa. Zidakwa zija mpaka lero zimandivulira chipewa panjira. Odana nane anali omwewo amene tinkagwada nawo pamkeka umodzi, odziwa pamene mawu anga amathera tikamayimba.

Ena ankati, "Mipingo yatha kodi? Ku Khonjeni kokha ilipo ingati?" Koma ine ndinasenza nawo njerwa za tchalitchi chimenecho pamutu, ndili ndi mwana kumsana. Ndinkapitabe. Ndimapitabe.

Kukhala kumbuyo kuli ndi zake. Umaona mitu yokhayokha, maduku oyera ndandanda ngati mizere ya tiyi. Ndipo masiku ena, makamaka nkhungu ikalowa pa mawindo, pakati pa mitu ija umodzi umakhala ndi mfundo paliwombo. Sutembenuka. Ndimadziwa kuti ndi ndani. Ndimaonanso mipata ya amene ndinawasambitsa: apo pankakhala uje wa chipsera pamsana, apo uje amene anapita ndi pathupi, apo gogo wa mphinjiri zobisa m'chiuno zimene sindinauzepo munthu. Amoyo anandisala, koma awa amabwera kudzakhala nane pabenchi yonyowayo. Sayankhula. Ine ndimawapatsa moni chamumtima, aliyense ndi dzina lake, mpaka ulaliki kutha. Ndi mmene ndinkapiririra. Musandifunse ngati ndi Chikhristu chimenecho, sindikudziwa.

Patapita mvula ziwiri kunabwera abusa atsopano, achinyamata, a njinga yamoto. Anafika pakhomo panga, anakhala pakampando, anati, "Agogo, nkhani yanu ndaimva, ndi yaing'ono. Lamlungu mudzaime kutsogolo, mudzangoti ndinachimwa, ndikulapa. Mawu awiri okha. Duku lina tidzakupezerani."

Ndinavomera, bwanji osavomera? Mawondowa ayamba kukana, chifuwa sichindichoka. Ndinkaganiza za tsiku langa: ndani adzabwere ndi beseni? Sabata yonse ndinkayeserera m'kamunda kanga ka tiyi, poti pa esiteti ndinapuma. Ndinachimwa, ndikulapa. Ndinachimwa, ndikulapa. Mawu ake opepuka ngati mankhusu.

Lamlungu ndinayenda kuchoka kumbuyo mpaka kutsogolo, mapazi akumveka pasimenti. Ndinatembenuka. Maso onse tong'o pa ine. Nditati nditsegule pakamwa, ndinaona pakamwa pena, potseguka, pamphasa, ntchentche ikutera pamlomo. Ndiye ndinene kuti ndinachimwa? Ndiye kuti chabwino chinali kuwasiya choncho, munthu amene anandibereka kumsana, apite kumanda ngati akukuwa?

Ndinati, "Abale anga, duku ndinamangiradi achemwali anga. Atati afenso mawa, ndingamangenso."

Wina anaseka kamodzi n'kudzigwira pakamwa. Kumbali ya amayi kunamveka, "Mfiti silapa!" Abusa anayang'ana pansi, anati, "Kakhaleni, agogo." Njira yobwerera ku benchi yanga inatalika kuposa yochoka pano kukafika ku Thyolo Boma.

Mwezi wathawu kunamwalira mayi wina wa m'gulu lathu lija. Sanandiitane. Ndinangomva nyimbo zikudutsa kuseri kwa phiri, ine nditaima ndi dengu. Pambuyo pake ndinamva kuti m'nyumba ya siwa munali kukankhana, aliyense akuti yambani ndinu, mpaka thupi linauma manja ali chopindika, bulauzi anachita kuing'amba kumsana kuti ilowe.

Patapita masiku ndinakumana ndi mtsogoleri uja m'kanjira ka pakati pa tiyi, kopanda popatukira, tiyi lekeza m'chiuno uku ndi uku. Kunkawaza. Anaima ndi ambulera yake, maso ali pa masamba, osati pa ine. Zaka zonsezi anali asanandiyankhulepo.

"Madzi osambitsira maliro aja," anatero, "amakhala otentha kapena ozizira?"

"Ofunda, amayi. Monga a khanda."

"Nanga manja akauma?"

"Mumawayankhula. Mumatchula dzina lake, mumati ndife anzako, tabwera kudzakuveka, fewa. Uku mukusisita pachigongono pang'onopang'ono. Amamva."

"Kuyambira kumutu?"

"Kumutu, kutsikira kumapazi. Nsalu yofunda musachotse yonse, munthu ali ndi manyazi ngakhale atafa. Madzi mukataye patali, posaponda ana."

Anagwedeza mutu ngati akuloweza vesi. Ndinaona kuti nayenso wakalamba, khosi lachita makwinya. Tinayamba kupanikizana kuti tidutsane, mapewa athu anakhudzana, ndipo sanadzipukute.

Atapitirira pang'ono ndinamuitana. "Amayi! Nanga kwa ine mudzabwera?"

Anaima. Mvula inkagogoda pa ambulera. Ndinadikira, ndinadikira. Kenako ambulera ija inayambanso kuyenda pamwamba pa tiyi, mpaka nkhungu inaimeza.