Botolo la Nimene

Nimene Wleh, wa mtundu wa Akru a ku Freetown, anagwira chiwongolero cha kasitima kolondera gombe zaka zinayi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mapu sankawadziwa, koma nyanja ankaidziwa.

Mmawa wina anatumidwa kukapulumutsa anthu a sitima imene adani anaimiza. Pamalopo anapeza mafuta okhaokha, ndipo kaputeni analamula kuti abwerere.

"Bwana, madzi sayenda ngati pepala lanulo," anatero Nimene. Anathira madzi theka m'botolo, naliponya m'nyanja. "Kumene likuloweraku, anthuwo atengedwera komweko."

"Utipereka kwa adani, mdala iwe!"

"Mukandimange tikafika kumtunda."

Kaputeni anatukwana, koma chiwongolero sanamulande. Analondola botolo lija, ndipo dzuwa lili paliwombo, anavuula anthu asanu ndi awiri atakangamira thabwa limodzi, milomo itang'ambika ndi ludzu.